Masabata Asanu ndi Awiri Mayi Mabandeji Osapita Kunyumba

Pachipatala pathu palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Kuyambira adokotala mpaka alonda a pageti, tonse tinkangoti Mayi Mabandeji. Anagwira ntchito m'chipinda chotsukira zilonda zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kachipinda kopanikiza ka kumapeto kwa khonde, kokhala ndi bedi limodzi, sinki yong'aluka pakona, ndi kabati yagalasi imene makiyi ake ankawamangirira m'chiuno. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Ine ndinafika pachipatalapo nditangomaliza sukulu ya unamwino, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kugwira chilonda chonunkha osakwinya nkhope. Ankati wodwala amayamba wayang'ana nkhope yako asanayang'ane mwendo wake. Dzina langa sanavutike nalo. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nati ndine Wamtali, ndipo mpaka lero ndikadali Wamtali.

Unamwino anaulowa mozungulira. Anayamba ndi kukolopa m'mawodi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo awo atamwalira. Ankawerenga mabuku obwereka akaweruka, analemba mayeso kawiri n'kulephera kawiri konse, kachitatu anakhoza. Amuna awo anali ometa tsitsi, ndipo anthu ankawatchula a Lezala. Anadziwana tsiku limene a Lezala anadzicheka chala ali pantchito n'kubwera kudzamangitsa. Bala linapola patangotha sabata, koma iwo anapitirizabe kubwera mwezi wathunthu, amvekere likuyabwa mkati. Anali munthu wonenepa, woseketsa, wosadziwa kutseka pakamwa. A Lezala ankaitana akazi awo kuti adokotala anga. Anabereka ana awiri: wamkazi, mphunzitsi, amene anakwatiwa kutali, ndi wamwamuna woyendetsa malole odutsa malire a mayiko. Pakhomo anatsala awiriwiri.

Chaka chimene mliri unafika, Mayi Mabandeji anali atatsala ndi miyezi khumi ndi inayi kuti apume pantchito. A Metroni, amene amayang'anira anamwino onse, anatisonkhanitsa panja pakapinga, titaima motalikirana ngati mitengo yodzala. Anati wodi ya odwala maso aitseka, ikhala ya odwala matenda atsopanowa, ndipo pakufunika anamwino asanu ndi atatu. Anawonjezera kuti opitirira zaka makumi asanu asadzivutitse. Aliyense ankayang'ana nsapato zake. Kenako tinaona dzanja lalifupi lija lili m'mwamba.

A Metroni anawakumbutsa kuti ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndikudziwa, ndinalipo pobadwapo," anayankha choncho. "Atsikanawa ali ndi ana kubere. Anga anasiya kuyamwa kalekale, wina ali ndi ndevu."

Ine ndinakweza dzanja chifukwa cha manyazi, kunama kulibe. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ana anga anali akusekondale, ndipo ndinalibe pobisala.

Wodiyo inali ndi mabedi makumi awiri ndi awiri, mizere iwiri, mawindo onse otsegula usana ndi usiku. Pakhomo anamata tepi yofiira pansi. Mbali ino kunali koyera, mbali iyo kunali matenda. Kuvala kokha kunkatitengera mphindi khumi ndi zisanu: ovolosi, majombo, masiki, magalasi otchinga maso, apuloni, magolovesi awiriawiri. Kuvula ndiye kunali koopsa, chifukwa ukalakwitsa n'kudzikhudza kumaso ndi golovesi yakunja, wadzipatsa wekha matendawo. Choncho mmodzi ankaima pa tepi paja kumatchula chovula chimodzichimodzi, ndipo ntchito imeneyi Mayi Mabandeji anaitenga ngati yawo. Mkatimo tinkakhalamo maola asanu ndi limodzi osamwa madzi, osapita kuchimbudzi. Thukuta linkatsikira m'majombo mpaka kumamveka tchwa tchwa poyenda. Popeza tonse tinkaoneka ofanana, tinkalemba maina athu ocheza pa apuloni ndi cholembera chakuda kuti odwala azidziwa amene akuwagwira.

Ndinali nditagwira unamwino zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndinkaganiza kuti imfa ndikuidziwa mayendedwe ake. Sabata yoyamba inandichotsa chimbenene. Kunabwera bambo wina, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, akuyenda yekha, jekete ili pamkono. Anakhala pabedi n'kufunsa ngati muwodimo mumafika nyuzipepala. Ndinawapana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi. Munthu wabwinobwino kamaonetsa 95 kapena kuposerapo. Iwo kanaonetsa 64. Ndinaganiza kuti kafa, ndinakapana chala changa, kanaonetsa 98. Ndinakabwezera kwa iwo, 63, uku akundifotokozera za mwana wawo wa kuyunivesite. Mawa lake dzuwa lisanafike pamutu tinali titawafunditsa nsalu kumaso. Ndinatuluka n'kukhala pa sitepe osavula n'komwe majombo.

M'mawodi ena wodwala amakhala ndi mbale wake womudyetsa, womusambitsa, womutsogolera kuchimbudzi. Muno abale sankaloledwa ngakhale kusuzumira pawindo. Zonse zinagwera ife. Kudyetsa munthu wobanika ndi ntchito ya ola lathunthu: kukweza masiki ya okisijeni, kulowetsa supuni, kubwezera masiki, kudikira kuti apeze mpweya, kuyambiranso. Tinkawagoneka chafufumimba kuti mapapo atseguke, ndipo kutembenuza munthu wamkulu mmodzi kunkafuna anthu anayi, wina atagwira mutu ndi machubu kuti asazuke. Mafoni awo tinkawaika m'mapepala apulasitiki n'kuwagwirizira kukhutu. Zimene anthu ankauzana pamafoni amenewo tinazimva tonse, ndipo sitinazikambe ngakhale patokha. Masilinda a okisijeni ankatha mofulumira kuposa momwe ankabwerera, maso athu ankangokhala pa kamuvi koonetsa mpweya wotsala. Sabata yachitatu tinataya anthu asanu ndi anayi.

Mayi Mabandeji anasankha kusapita kunyumba. A Lezala anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kuwonjezera pa thupi lija, ndipo mayiwo ankadziwa bwino anthu amene matendawa ankawakonda. Anatenga kachipinda m'nyumba yogona ophunzira unamwino, imene inali yopanda anthu chifukwa sukulu zinatsekedwa. Analamula amuna awo kutseka shopu yometera, ndipo iwo anatumiza chithunzi cha loko ali pachitseko. Ankaimbirana foni m'mawa ndi masana tikatuluka kukadya. Lamlungu lililonse a Lezala ankabwera panjinga mpaka kumpanda wawaya wa kuseri kwa chipatala, n'kukoleka thumba la sopo, shuga ndi buledi pawayapo, n'kubwerera mapazi khumi. Ankati abwera kudzaona akaidi. Ankafuula nkhani zonse za mumsewu mwawo, za amene wathawa mkazi ndi amene wadzimeta yekha n'kuoneka ngati nkhuku yonyowa, mpaka alonda ankasiya geti kubwera kudzamvetsera.

Lamlungu lachisanu ndi chimodzi a Lezala sanabwere. Anati tayala la njinga laphulika. Masiku otsatira mafoni awo anafupika. Ankangoti ali bwino, mayi agwire ntchito, batire likutha, n'kudula. Mayi Mabandeji anandiuza akuseka kuti abambowo nkhani zawathera, kapena apeza wina wowauza. Ine ndinaseka nawo. Tonse tinali otopa moti mutu sunkagwira china chilichonse kupatula mabedi aja.

Lachinayi la sabata yachisanu ndi chiwiri, cha m'ma 11 koloko m'mawa, mlonda anatiuza kuti pakhomo pafika galimoto ndi wodwala. Tinapita awiri, ine ndi iwo, tikukankha mpando wamatayala. Woyendetsa anali ataima patali atadzimanga mpango kukamwa. Wodwalayo anali pampando wakumbuyo, chipewa chitaphimba nkhope. Mayi Mabandeji anatsegula chitseko n'kuyamba mawu amene ankauza aliyense, oti takulandirani bambo, musaope. Sanawamalize.

Munthu uja anakankha chipewa, nawerenga dzina la pa apuloni. Milomo yake inali yotuwa ngati phulusa.

"Adokotala anga," anatero, akupumira pakati pa mawu. "Mwanenepatu."

Mayi Mabandeji anangoti chilili, dzanja lili pachitseko. Ndinawadutsa n'kupana chala cha a Lezala. Kachipangizo kanaonetsa 57. Mayiwo anandigwira mkono, nautembenuza kuti aone okha, nandiuza kuti ndiyese chala china. Ndinayesa. Kanaonetsa 55.

Woyendetsa uja anali kalipentala woyandikana nawo nyumba. Anafotokoza ali patali pomwepo kuti a Lezala akhala akutsokomola masiku asanu ndi anayi. Shopu anatsekadi, koma makasitomala awo akale ankawameta kuseri kwa nyumba, amvekere tsitsi silinamve kuti kunja kuli mliri. Atayamba kudwala anamulumbiritsa kalipentalayo kuti asaimbire akazi awo. M'mawa umenewo anawapeza atakhala pansi m'bafa, akulephera kudzuka. Mayi Mabandeji anamvetsera zonse osaphethira. Kenako anati tiwanyamule, ndipo tinawanyamula.

A Metroni atamva anabwera mpaka pa tepi yofiira. Anati lamulo silola namwino kusamalira mbale wake, choncho mayiwo atuluke akapume. Iwo anayankha kuti akatuluka asanduka mbale wa wodwala, ndipo abale salowa. Anakambirana nthawi yaitali, wina mbali ino wina mbali iyo. Pomaliza anagwirizana kuti a Lezala akhale wodwala wanga, pabedi lachisanu, ndipo Mayi Mabandeji agwire mzere winawo, kuyambira bedi la 12 mpaka la 22.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti panganolo analisungadi. Ankadyetsa, kusambitsa ndi kutembenuza anthu a mzere wawo, amuna awo ali mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene aima. Nthawi yawo yopuma ikakwana, m'malo motuluka kukamwa madzi, ankakoka mpando n'kukhala pabedi lachisanu. Sanawakalipire za kumeta kuja. Kamodzi kokha, ndikusintha silinda, ndinawamva akufunsa motsitsa mawu.

"Bwanji simunanene, abambo?"

A Lezala anakweza masiki pang'ono. "Musiye anthu makumi awiri... chifukwa cha chifuwa changa?"

Mayiwo anawabwezera masiki, nawapukuta thukuta pamphumi.

Kugona chafufumimba kunkawavuta chifukwa cha mimba, tinkachita kuwatchinjiriza ndi mapilo anayi. Komabe nthabwala sizinawathere. Anauza adokotala athu, mnyamata wa zaka makumi atatu amene anali asanamete chiyambire mliri, kuti ngakhale atavala chipewa chapulasitiki akuoneka kuti m'mutumo muli tchire, ndipo akachira awameta ulere kuti achotse manyazi pachipatala. Tsiku lachitatu mpweya unakwera kufika 84. Anamwa tiyi, anadya dzira lonse. Ndinathamanga kukawauza mayiwo, ndipo anangogwedeza mutu. Iwo anali ataona ambiri akukwera choncho.

Lamlungu, nthawi itangopitirira 2 koloko masana, tinali anayi pabedi la 17 tikutembenuza bambo wina wamkulu thupi. Mayi Mabandeji anagwira mutu ndi machubu, ine miyendo. Tili pakati, mayi wokolopa anaitana kuchokera kutsidya, osafuula, kuti bedi lachisanu. Nditacheuka ndinaona mkono wa a Lezala ukulendewera m'mbali mwa bedi. Ndinasiyira adokotala miyendo n'kuthamanga. Mayi Mabandeji sakanatha kusiya, mutu wa munthu unali m'manja mwawo. Ndinawamva kumbuyo kwanga akuwerenga monga mwa nthawi zonse, imodzi, ziwiri, zitatu. Anamutembenuza, anakonza pilo, anaona kuti masiki yakhala bwino. Kenako anabwera, akuyenda.

Anapeza zitatha. Ine ndinali nditayesa zonse zimene ndimadziwa, ndipo adokotala atafika anangoika chomvera pachifuwa n'kuchichotsa. Mayiwo anatenga dzanja lija ndi magolovesi awo awiri n'kulibwezera pabedi. Anandifunsa nthawi. Ndinati 2:20. Anati ndilembe. M'wodi monse munali chete, kupatula kulira kwa masilinda. Odwala amene anali maso anatembenukira kukhoma.

Titafika pa tepi yofiira kuti tivule, Mayi Mabandeji anaima atakweza manja m'mwamba osasuntha. Munthu amene anatitchulira ndondomeko ija masabata asanu ndi awiri anali ataiiwala. Ndinayamba kuwatchulira: magolovesi akunja, sambani m'manja, apuloni, sambaninso. Ankatsatira ngati mwana wasukulu. Atavula magalasi ndinaona kuti m'maso munali mouma, nkhope ili ndi mizere yakuya ya malamba.

"Wamtali," anatero, "ndiyambe kuuza uti?"

Maliro anachitika m'mawa mwake. Thupi analikulunga m'matumba awiri apulasitiki, ndipo bokosi ananyamula ndi amuna anayi ovala zoyera amene sitinawaone nkhope. Analola anthu khumi okha, titaima patali. Zonse zinatha m'mphindi makumi awiri. Mwana wamwamuna anali atatsekeredwa pamalire ndi lole yake. Wamkazi anaonera pafoni imene ndinaigwira ine. Tikubalalika, mchemwali wa a Lezala analankhula mokweza kuti aliyense amve, kuti mlamu wake ndiye watuta matenda kuchipatala n'kukaphera m'bale wawo kunyumba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti munthuyu sanaponde pakhomo pake masabata asanu ndi awiri, ndiponso kuti anamuyeza dzulo lomwelo n'kumupeza alibe. Mayi Mabandeji anandikoka malaya. Anati alamu akulira, ndiwasiye.

Anakhala okha m'nyumba masiku khumi ndi anayi monga mwa lamulo. Palibe woyandikana naye amene anagogoda, kupatula kalipentala uja, amene ankasiya buledi pakhonde n'kubwerera. Pambuyo pake mayiwo anandiuza zimene anapeza m'nyumbamo: mapaketi opanda kanthu a mankhwala a mutu pansi pa pilo, makoko a mandimu m'kapu, beseni ndi bulangeti zimene abambowo ankafukizira nthunzi, ndi ndowa pafupi ndi bedi chifukwa kuchimbudzi kunali kutawatalikira. Kuseri kwa nyumba anapeza mpando ndi tsitsi la anthu litasesedwera pakona. Anati anakhala pampando umenewo tsiku lonse. Mawa lake anatenga foni ya amuna awo n'kuyamba kuimbira makasitomala aja mmodzimmodzi. Analipo asanu ndi awiri. Anawalamula kuti apite akayezetse tsiku lomwelo, apo ayi abwera okha kudzawatenga. Atatu anapezeka nawo matendawo.

Tsiku lakhumi ndi chisanu tinawapeza pa tepi yofiira m'mawa, atavala kale. A Metroni anawapempha kuti abwerere kuchipinda chawo cha zilonda, kapena atenge tchuthi mpaka tsiku lopuma pantchito. Anakana zonse ziwiri. Mmodzi wa atatu aja, bambo wokonza nsapato, anali atagonekedwa mumzere wawo. Atawerenga dzina la pa apuloni anayamba kulira, amvekere ndi iye anapita kukametetsa akutsokomola, ndi iye anapha mnzake. Mayi Mabandeji anamuuza kuti mpweya umene akulirirawo ndi wa musilinda, asauwononge. Anamudyetsa ndi supuni masiku khumi ndi limodzi, ndipo anatuluka akuyenda yekha.

Mayi Mabandeji anabwera ndi lamulo latsopano limene silinachokere ku ofesi iliyonse. Masana tikatuluka kukadya, aliyense wa ife, kuphatikizapo adokotala ndi okolopa, ankayenera kuimba foni kunyumba iwo ali pomwepo, n'kuuza wa kunyumbayo kuti akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza mpaka 30. Anati atakhala pampando uja anakumbukira mafoni onse a sabata yomaliza, n'kuzindikira kuti batire silinkatha ayi, abambowo ankadula chifukwa mpweya wolankhulira unkawathera. Anati mawu oti ndili bwino ndi aafupi, ngakhale munthu wakufa mawa amawakwanitsa. Poyamba abale athu ankaseka. Amuna anga ankawerenga mothamanga ngati akugulitsa malonda. Koma tsiku lina amayi ake a wokolopa uja anaima pa 11 n'kuyamba kutsokomola. Tinawatumizira galimoto masana omwewo, anapezeka ali pa 79, ndipo anachira.

Wodiyo inatsekedwa patatha miyezi khumi ndi umodzi. Anaipopera mankhwala, anamatula tepi ija, odwala maso anabwerera. Mwa ife ogwira ntchito tinataya awiri, bambo wochapa nsalu za odwala ndi namwino mmodzi wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Ineyo ndinadwala masiku khumi n'kuchira. Mayi Mabandeji sanadwalepo ngakhale chimfine, ndipo ankati zimenezo sakuzimvetsa. Anapuma pantchito pa tsiku lake lenileni. Phwando lotsanzikana silinachitike chifukwa misonkhano inali yoletsedwabe. Anangopereka makiyi kwa a Metroni, natigwedezera dzanja pakhonde.

Masiku ano amakhala miyezi ina kwa mwana wawo wamkazi, miyezi ina kwawo. Alamu aja anabwera kudzapepesa patatha zaka ziwiri, atadwala shuga n'kutuluka bala kuphazi, ndipo anakhala pakhomopo mpaka linapola. Mwezi watha ndinawapeza Mayi Mabandeji pabenchi ya odwala kuthamanga kwa magazi, atagwira kabuku kawo kachipatala, ali pamzere ngati wina aliyense. Aonda, ndipo mawu awo atsika. Ndinawauza kuti abwere ndiwalowetse kutsogolo, anakana. Anandifunsa za ana anga ndi za mawondo anga. Anati mpongozi wawo ali woyembekezera, mwezi wamawa apita kukadikirira. Ndinakhala nawo pabenchipo mpaka mzere unasuntha, kenako ndinabwerera kuntchito chifukwa nthawi yopereka mankhwala inali itakwana.